Njira Zochepetsera Thupi kwa Munthu Wongodzuka Kumene pa Mavuto

Ndinathyoka mwendo chapamwamba pa akakolo, ndipo chikhakha ndinakhala nacho milungu 8. Atachichotsa, panapitanso miyezi iwiri ndikuyendera ndodo. Mkati mwa miyezi yomweyo ntchito inandithera. Tsiku limene ndinalimba mtima n'kukwera pasikelo, inaonetsa makilogalamu 97, chonsecho ndisanagwe ndinkalemera 81. Sindinadabwe kwenikweni. Lamba anali atandiuza kale, ndipo thalauza limene ndinkapita nalo kuntchito linali litayamba kukanira m'ntchafu.

Munthu ukanenepa, alangizi sasowa. Wina akuti siya buledi ndi mpunga, wina akuti usadye kanthu mpaka masana, wina akuti uzithamanga m'bandakucha, winanso akubwera ndi tiyi wa m'kapaketi. Onse akulankhula motsimikiza, ndipo aliyense ali ndi mnansi wake amene njirayo inamuthandiza. Pa zaka ziwiri zapitazi, zingapo mwa njirazi ndaziyesa ndekha, zina ndangowerenga zimene ofufuza anapeza. Chimene ndaona n'chakuti pakatha chaka, njira zambiri zimachotsa makilogalamu osasiyana kwenikweni. Kusiyana kwake kuli pa zimene iliyonse imafuna kwa inu: ina imafuna mawondo olimba, ina mutu wodekha wowerengera chilichonse, ina ndalama, ina tulo tabwino. Munthu amene wangoika maliro, banja lake langotha, wangotuluka m'chipatala kapena ntchito yangomuthera, zina mwa zimenezi alibe. N'chifukwa chake njira iliyonse ndimaiyeza ndi funso limodzi: kodi munthu angaitsatirebe tsiku limene wadzuka mtima uli wolemera, osafuna n'komwe kutsegula makatani?

Mafutawo anabwera bwanji?

Mavuto sanenepetsa mofanana. Amene wagona nthawi yaitali chifukwa chovulala kapena kudwala amataya minofu kwinaku akuwonjezera mafuta. Pa kafukufuku wina wa mu 2007, anthu achikulire athanzi anagonekedwa pabedi masiku 10 okha, ndipo anataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya minofu ya m'miyendo. Ine mwendo wanga utatuluka m'chikhakha unali wowonda ngati wa mwana, mimba itatsogola. Munthu wotere akangodzimana chakudya osachita china, amapitiriza kutaya minofu imene yatsala kale yochepa.

Wachisoni nkhani yake ndi ina. Masana amatha kuiwala kudya, koma usiku nyumba ikati zii, amapezeka ali kukhitchini osadziwa chimene akufuna. Imeneyi si njala ya m'mimba, ndipo njira yowonjezera njala yeniyeni pamwamba pake imangoipitsa zinthu. Ambiri osiya fodya amawonjezera makilogalamu 4 kapena 5 m'chaka choyamba, koma zimenezo n'zazing'ono poyerekeza ndi zimene apulumuka. Sikelo isawabwezere ku fodya. Ndiye pali mankhwala. Prednisolone, insulin, amitriptyline, mirtazapine, olanzapine ndi sodium valproate onse amadziwika kuti amanenepetsa, ndipo kafukufuku wa ADVANCE amene anachitikira ku Johannesburg anaonetsa mu 2019 kuti ma ARV okhala ndi dolutegravir amawonjezera thupi, makamaka kwa amayi. Ngati thupi linayamba kukwera mutangoyamba mankhwala enaake, musawasiye panokha. Kawauzeni adokotala. Nthawi zina pamakhala mankhwala ena ogwira ntchito yomweyo. Nthawi zina palibe, ndipo mumangoyenera kudziwa kuti chitunda chanu n'chachitali kuposa cha anzanu.

Manambala ochepa, kenako tipitirire

Mphamvu ya m'chakudya imayezedwa m'makalori. Galamu imodzi ya shuga kapena sitachi ili ndi makalori 4, ya mapuloteni (zomanga thupi) 4, ya alcohol wa mu mowa 7, ya mafuta 9. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700. Mukamadya makalori 500 ochepera pa amene thupi likugwiritsa ntchito tsiku lililonse, mumataya pafupifupi theka la kilogalamu pa mlungu. Zimenezo ndi poyambirira. Thupi likamachepa limafunanso mphamvu zochepa, liwiro limatsika, ndipo ambiri sikelo imawaimira cha m'mwezi wa 6. Njira zonse zili m'munsizi, kaya zili ndi dzina lotani, zimagwira ntchito pokudyetsani zochepa.

Ine ndinkafuna kubwerera pa 81 penipeni. Unali mtima wofuna kufufuta chaka choipacho ngati sichinachitike. Koma thupi limayamba kuthokoza musanafike n'komwe kumeneko. Pa kafukufuku wa Diabetes Prevention Program ku America, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anthu 3,234 amene anali pafupi kudwala shuga anagawidwa m'magulu. Gulu lina linauzidwa kuti lichepetse thupi ndi 7 peresenti ndiponso lizichita masewera olimbitsa thupi mphindi 150 pa mlungu, makamaka kuyenda ndawala. M'gululi odwala shuga anachepa ndi 58 peresenti poyerekeza ndi gulu limene linangopatsidwa mapiritsi opanda mankhwala, pomwe mankhwala a shuga otchedwa metformin anachepetsa ndi 31 peresenti yokha. Kwa munthu wa makilogalamu 97, 7 peresenti ndi makilogalamu osakwana 7. Ofufuza za nyamakazi anapezanso mu 2005 kuti kilogalamu iliyonse imene mwataya imachotsera bondo katundu wa makilogalamu pafupifupi 4 pa phazi lililonse limene mwaponda.

Kuwerenga chilichonse, kapena kungochotsa zinthu zingapo

Njira yowerengera imayenda chonchi: mumaika pulogalamu pafoni, mumagula kasikelo ka kukhitchini, ndipo chilichonse cholowa m'kamwa mumachilemba. Imagwira ntchito, ndipo ndi mphunzitsi wabwino. Ndinaitsatira milungu 6, ndipo n'kumene ndinadziwira kuti supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120, pomwe ine ndinkangopendeketsa botolo osayeza. Ndinadziwiranso kuti chitini cha mamililita 330 cha chakumwa chotsekemera chili ndi magalamu pafupifupi 35 a shuga, masupuni a tiyi 8 kapena 9. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati shuga wowonjezera asapitirire 10 peresenti ya makalori a tsiku, omwe kwa munthu wamkulu ndi magalamu pafupifupi 50. Zitini ziwiri zokha, malire mwadumpha kale.

Vuto lake imatopetsa mutu. Chakudya chophika pakhomo, chosakaniza zambiri mumphika umodzi, mumangochiyerekeza, ndipo tonsefe timayerekeza modzikomera. Tsiku limene kalata yokana kundilemba ntchito inafika, sindinalembe kalikonse, ndipo mawa lake ndinachita manyazi kutsegula pulogalamuyo ngati mwana wothawa sukulu. Kwa munthu wa nkhawa, manambalawa amatha kusanduka mkwapulo wodzimenyera. Amene anavutikapo ndi matenda a kadyedwe, monga kudzisanzitsa akadya kapena kudzikhaulitsa ndi njala, asaiyandikire popanda wa zaumoyo womuyang'anira. Kwa enafe ndimaiona ngati sukulu ya milungu iwiri kapena itatu: muphunzire kumene makalori akubisala, kenako mutsanzike.

Njira inzake siwerenga kanthu. Mumangosankha zinthu zitatu kapena zinayi n'kuzisintha: zakumwa zotsekemera ndi mowa zichoke pakhomo, mafuta aziyezedwa ndi supuni, theka la mbale likhale masamba, ndipo pa chakudya chilichonse pakhale chomanga thupi monga mazira, nyemba, nsomba kapena nyama, chifukwa zimenezi zimakhalitsa m'mimba. Zam'mapaketi zotafuna pongocheza zisagulidwe n'komwe. Pa mfundo imeneyi pali kafukufuku amene ndimamukonda. Mu 2019 Kevin Hall wa ku National Institutes of Health ku America anasunga anthu 20 m'chipatala milungu inayi. Milungu iwiri ankawapatsa zakudya zokonzedwa kwambiri m'mafakitale, iwiri inayo zakudya zophikidwa kuchokera ku zinthu zachilengedwe, ndipo aliyense ankadya mmene akufunira. Pa zam'fakitale ankadya makalori pafupifupi 500 owonjezera patsiku, n'kunenepa pafupifupi kilogalamu imodzi. Pa zinazo anataya kilogalamu yomweyo popanda wowauza kuti achepetse. Njirayi ndi yochedwa, ndipo mlungu woyamba sikelo imangokuyang'anani. Koma tsiku loipa likafika, zimene mulibe m'kabati simungazidye.

Kusiya sitachi kapena kusiya mafuta

Mkangano wa magulu awiriwa ndi wakale ndipo sutha. A mbali ina amati mdani ndi sitachi ndi shuga: buledi, mpunga, mbatata, zaufa zonse. Ena amafika pa keto, pomwe zakudya zoterezi zimatsitsidwa mpaka magalamu 20 kapena 50 patsiku. A mbali inayo amati mdani ndi mafuta. Ku yunivesite ya Stanford, Christopher Gardner ndi anzake anagawa anthu 609 m'magulu awiriwa n'kuwatsatira miyezi 12. Zotsatira za kafukufukuyu, wotchedwa DIETFITS, zinatuluka mu 2018: ochepetsa mafuta anataya makilogalamu 5.3, ochepetsa sitachi 6.0, kusiyana kochepa moti ofufuzawo anati palibe gulu limene lapambana. Chochititsa chidwi chinali mkati mwa gulu lililonse, momwe ena anataya makilogalamu oposa 20, ena n'kunenepa kumene.

Kusiya sitachi kumasangalatsa msanga. Mlungu woyamba sikelo imatha kutsika makilogalamu awiri, koma ambiri mwa iwo ndi madzi. Thupi limasunga shuga m'chiwindi ndi m'minofu, pafupifupi theka la kilogalamu, ndipo galamu iliyonse imasungidwa ndi magalamu pafupifupi 3 a madzi. Nkhokwe imeneyi ikatha, madziwo mumawakodza. Mukadzadyanso mpunga amabwerera, ndipo wosadziwa amaganiza kuti ntchito ya mwezi wonse yapita pachabe usiku umodzi. Ubwino wake weniweni n'ngwakuti kwa ambiri njala imachepa, ndipo shuga wa m'magazi amatsika. Koma nyama, nsomba ndi tchizi n'zodula kuposa zaufa pafupifupi kulikonse padziko, zomwe si nkhani yaing'ono kwa amene malipiro angoima. Komanso mumadya zosiyana ndi onse a pakhomo, ndipo munthu wachisoni safunika china chomupatula pagome. Amene amabaya insulin kapena kumwa mapiritsi a shuga a glibenclamide aonane ndi adokotala asanayambe, chifukwa shuga amatha kugwa mpaka munthu kukomoka. Kuchepetsa mafuta sikuboola thumba, koma chakudya chimatha kuzizira m'kamwa n'kukusiyani mukusakasaka chotsekemera madzulo.

Kudya poyang'ana wotchi

Apa chosintha ndi nthawi yodyera. Yotchuka ndi ya 16:8, kudya mkati mwa maola 8 n'kusala maola 16 otsalawo. Ina ndi ya 5:2, imene dokotala wa ku Britain, Michael Mosley, anaitchukitsa kuyambira mu 2012: masiku 5 kudya mwa nthawi zonse, masiku awiri makalori 500 kapena 600 okha. Lamulo ndi limodzi, losavuta kukumbukira, ndipo silifuna ndalama. Matsenga mulibe. Ku Guangzhou, m'dziko la China, anthu 139 anaikiridwa malire ofanana a makalori kwa chaka. Theka ankadya kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo, enawo nthawi ina iliyonse. Zotsatira za mu 2022 zinaonetsa makilogalamu 8.0 kwa oyang'ana wotchi ndi 6.3 kwa enawo, ndipo ofufuzawo anati kusiyanako sikunali kodalirika.

Kwa ine, mtundu wodumpha chakudya cham'mawa unali tsoka. Ndinkapirira bwinobwino mpaka masana, n'kumadzitamanda, koma pofika 9 koloko usiku njala yeniyeni inkakumana ndi kusungulumwa, ndipo ziwirizi zikagwirizana palibe wozikaniza. Nditaitembenuza, n'kuika lamulo loti khitchini izitsekedwa 7 koloko madzulo, inayamba kundithandiza, chifukwa inagunda pa nthawi yeniyeni imene ndinkagwa. Amayi oyembekezera, oyamwitsa, ndi onse amene mankhwala awo amafuna kumwera chakudya, njirayi si yawo.

Kudzimana kwambiri

Pali tsiku limene munthu umadziona pa chithunzi n'kulumbira kuti kuyambira mawa ndi tiyi wopanda shuga ndi chipatso chimodzi basi. Lumbiro limeneli limachokera mumkwiyo, ndipo mkwiyo umatha msanga njala ikadalipo.

Komabe ndinene chilungamo, kudya zochepa kwambiri kuli ndi malo ake. Pa kafukufuku wa DiRECT ku Scotland ndi kumpoto kwa England, wotsogoleredwa ndi Mike Lean ndi Roy Taylor, odwala shuga wa mtundu wachiwiri anasiya chakudya chonse n'kumangomwa supu ndi zakumwa zokonzedwa mwapadera, makalori pafupifupi 850 patsiku, kwa miyezi 3 mpaka 5. Patatha chaka, 46 peresenti shuga wawo anali atabwerera m'malo popanda mankhwala, ndipo mwa amene anataya makilogalamu 15 kapena kuposa, ochira motero anali 86 peresenti. Koma onani mmene zinachitikira: zakumwazo zinali ndi mavitamini ndi mapuloteni okwanira, a zaumoyo ankawayeza pafupipafupi, mankhwala a shuga ndi a BP anaimitsidwa mwadongosolo, ndipo chakudya chinabwezeretsedwa pang'onopang'ono. Kudzimana kwa panokha kuchipinda n'kwina. Kumadya minofu, kumathothola tsitsi, ndipo kuonda mothamanga kumabweretsa miyala mu ndulu.

Thupi nalonso limabwezera. Ku Melbourne, anthu 50 analowa m'dongosolo lodya zochepa kwambiri kwa milungu 10, ndipo lipoti la mu 2011 linaonetsa kuti patatha chaka chathunthu homoni yoyambitsa njala, ghrelin, inali idakali yokwera, pomwe leptin, imene imauza ubongo kuti nkhokwe zadzaza, inali yotsika. Anthu 14 amene anapikisana kuonda pa pulogalamu ina ya pa TV ku America anataya makilogalamu 58 aliyense, tikatengera pakati. Patatha zaka 6, makilogalamu 41 anali atabwerera, ndipo matupi awo ankagwiritsa ntchito makalori pafupifupi 500 patsiku ochepera pa amene ankayembekezeka. Ndikawerenga zimenezi mtima umakhala pansi pang'ono, chifukwa zikusonyeza kuti thupi likabwerera, sikuti munthu ndiwe wofooka. Ndipo kwa amene wangochira kumene, bala kapena fupa likadali kupola, thupi likufuna zomangira. Ino si nthawi yolimana.

Thukuta

Masewera okha, kadyedwe kosasintha, amachotsa zochepa, kawirikawiri makilogalamu awiri kapena atatu pa miyezi ingapo. Munthu wa makilogalamu 90 akayenda ndawala theka la ola amagwiritsa ntchito makalori 150 mpaka 200, omwe chitini chimodzi chija ndi mabisiketi awiri zimabweza asanavule n'komwe nsapato. Herman Pontzer atayeza anthu a mtundu wa Hadza ku Tanzania, osaka nyama ndi kutola zakutchire, amene amayenda makilomita ambiri tsiku lililonse, anapeza mu 2012 kuti mphamvu zimene amagwiritsa ntchito patsiku sizisiyana kwenikweni ndi za anthu a m'mizinda ya ku America ndi ku Ulaya, ukaganizira kukula kwa thupi. Zikuoneka kuti thupi likawononga zambiri uku, limasunga kwina.

Nanga n'kuvutikiranji? Ntchito ya masewera ili pena. Mu 1994 Rena Wing ndi James Hill anayambitsa kaundula wotchedwa National Weight Control Registry, wa anthu amene anataya makilogalamu osachepera 13.6 n'kutha chaka osawabwezera. Pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse m'kaundulayu amachita masewera, pafupifupi ola limodzi patsiku, ndipo ochuluka amangoyenda. Chakudya chimatsitsa sikelo, kuyenda kumathandiza kuti isakwerenso. Kwa munthu wosweka mtima palinso phindu limene silioneka pasikelo: umatuluka panja, umaona anthu, umabwera utatopa n'kugona.

Kuyenda ndiye ndimakuika patsogolo. Sikufuna kulipira, sikufuna luso, ndipo kumayambika pa mlingo uliwonse. Ine ndinayamba ndi mphindi 7, kupita pamtengo wina n'kubwerera, ndodo ili m'manja. WHO imalangiza akuluakulu mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu za masewera apakatikati, oti mukupuma mofulumira koma mukutha kulankhula. Zimene ena amanena zoti muziyenda mapazi 10,000 patsiku musade nazo nkhawa. Nambalayi inachokera pa dzina la kachipangizo kowerengera mapazi kamene kampani ina ya ku Japan inayamba kugulitsa mu 1965, ndipo kafukufuku wamkulu wa mu 2022 anapeza kuti kwa anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo, phindu lambiri limakhala litapezeka pa mapazi 6,000 mpaka 8,000.

Kuthamanga kumadya makalori ambiri pa nthawi yochepa, pafupifupi kalori imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi pa kilomita. Koma kuthamanga si kufika. Ndinayesa mwezi wachinayi chichotsereni chikhakha, thupi lolemera pa mwendo wosalimba, ndipo ndinakhalanso pansi milungu itatu akakolo atatupa. Pamtima zinandipweteka kuposa pamwendo, chifukwa zinali ngati ndagwa kachiwiri. Kwa ovulala mawondo kapena akakolo, njinga ndi kusambira n'zachifundo, popeza kulemera kwanu kumanyamulidwa ndi chishalo kapena madzi.

Zimene ndinazinyalanyaza nthawi yaitali ndi zolimbitsa minofu. Ndinkaganiza kuti kunyamula zitsulo n'kwa anyamata a ku jimu odziyang'ana pagalasi. Koma munthu akamaonda mwa kudya zochepa kokha, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a zimene akutaya si mafuta, ndipo mbali yake ndi minofu. Kukankha, kukoka ndi kunyamula kawiri pa mlungu, monga mmene WHO imanenera, pamodzi ndi mapuloteni okwanira, kumateteza minofuyo. Jimu si yofunikira: kudzuka pampando n'kukhalanso ka 10, kukankha khoma, kukwera sitepe imodzi n'kutsika, kunyamula mabotolo a madzi. Mukayamba zimenezi sikelo imatha kuima milungu ingapo, lamba akumasuka. Odwala impso afunse kaye asanawonjezere mapuloteni, ndipo amene ali ndi vuto la mtima, kapena amamva kupweteka pachifuwa akayenda, ayambe ndi kuchipatala asanapite kumsewu.

Tiyi, jakisoni ndi opaleshoni

Tiyi wochepetsa thupi ndi chikomekome cha mkuyu. M'matiyi ambiri oterewa muli senna, mankhwala otsegula m'mimba, kapena zokodzetsa. Chochoka ndi madzi. Ena apezekapo ndi sibutramine, mankhwala amene anachotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 chifukwa chowonjezera ngozi ya sitiroko ndi matenda a mtima. Sindiwonjezerapo.

Majakisoni atsopano ndi nkhani ina, chifukwa amagwiradi ntchito. Semaglutide, wogulitsidwa m'dzina la Wegovy kapena Ozempic, amachepetsa chilakolako cha chakudya. Pa kafukufuku wa STEP 1 wa mu 2021, wa anthu 1,961, obayidwa mankhwalawa anataya pafupifupi 15 peresenti ya thupi pa milungu 68, pomwe obayidwa jakisoni wopanda mankhwala anataya 2.4 peresenti. Kwa munthu wonenepa kwambiri, wa BMI (nambala yoyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake) ya 30 kupita m'mwamba, kapena 27 ali ndi shuga kapena BP, amene mawondo sakumulola kuyenda, si chinyengo ndipo si zamanyazi. Koma ndi odula, amachititsa nseru, kusanza kapena kudzimbidwa, abodza adzaza pa intaneti, ndipo amene anawatsatira atasiya kubaya pa kafukufuku uja anabwezera magawo awiri mwa atatu a zimene anataya m'chaka chimodzi. Opaleshoni yochepetsa chifu imachotsa zochuluka, 25 mpaka 30 peresenti, ndipo zimakhalitsa. Ndi ya amene kunenepa kwawo kwafika poika moyo pachiswe, ndipo pambuyo pake amamwa mavitamini moyo wonse.

Mmene ine ndinasankhira

Miyezi 8 yoyamba ndinali pusi uja wa ichi chakoma ichi chakoma: milungu itatu keto, iwiri kusala, kenako kuthamanga, kenako chagada. Chimene chinasintha zinthu, palibe mlangizi ndi mmodzi yemwe anachitchula. Chinali tulo. Ndinkagona 2 koloko usiku, foni ili m'manja. Ku yunivesite ya Chicago, anthu 10 anapatsidwa chakudya chochepa chofanana maulendo awiri, ulendo wina ali ndi maola 8 ndi theka ogona, wina maola 5 ndi theka. Lipoti la mu 2010 linati kulemera kumene anataya kunali kofanana, koma pa tulo tochepa mafuta otayika anachepa ndi 55 peresenti, thupi n'kumadya minofu m'malo mwake, ndipo njala inakula. Anthu 10 ndi ochepa, komabe zinafanana ndi zimene ndinkaona: usiku ukaipa, mawa lake dzanja linkangopita ku zotsekemera. Tulo tanga sitinabwere ndi khama. Tinabwera nditapita kukalankhula ndi mlangizi wa zamaganizo, n'kumuuza za ntchito yotha ija, za mantha a ngongole, ndi za manyazi opezeka pakhomo masana. Ngati padutsa milungu iwiri kapena kuposa mulibe chimwemwe pa chilichonse, simukugona kapena mukungogona, yambani ndi zimenezo. Ndipo ngati mungathe, pezani woyenda naye, chifukwa mnzako akaima pakhomo atavala kale nsapato, sungamubweze.

Ndinatsala ndi zinthu zinayi: khitchini yotsekedwa 7 koloko, supuni pambali pa botolo la mafuta, kuyenda mphindi 40 masiku 5 pa mlungu, ndi mpando uja wodzukapo n'kukhalanso Lachiwiri ndi Lachisanu. Pano ndili pa 87, ndipo ndakhala pomwepo miyezi inayi. Kukazizira akakolo amandikumbutsa. Pasikelo ndimakwera Lolemba lokha, koma chimene ndimachidalira kwambiri ndi chingwe. Bungwe la NICE la ku Britain limalangiza kuti kuzungulira kwa mimba kusapitirire theka la kutalika kwa munthu, chifukwa mafuta a m'mimba ndi amene amayenderana kwambiri ndi shuga ndi matenda a mtima. Mumadula chingwe chotalika ngati inuyo, n'kuchipinda pakati, n'kuchizunguliza pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno. Nditayamba, pakati pa nsonga ziwirizo pankalowa chikhatho changa chonse n'kutsalabe mpata. Lolemba lapitali panalowa zala ziwiri.